Ku Mzuzu, kwa mikango ya ku Kaning'ina

Basi yonyamuka ku Lilongwe m'mawa imakafika ku Mzuzu dzuwa litapendeka, bola musachedwe pa Jenda. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 350 mumsewu wa M1, ndipo mukangolowa m'Chikangawa mphepo imayamba kulowera m'mazenera, aliyense n'kumapisa m'chikwama kufuna juzi. Ine ndinkapita kukaona amalume, amene anapuma usilikali kalekale koma anakana kubwerera kwathu ku Dedza. Iwo amati kuzizira kwa ku Dedza ndi kwa ku Mzuzu n'kumodzi, ndiye asamukirenji.

Za mzindawu sindichulukitsa. Ndi waung'ono poyerekeza ndi Lilongwe kapena Blantyre, wobiriwira, wa zitunda, ndipo mvula yamawawa imatha kukupezani nthawi imene kwina konse kuli fumbi. Unayamba m'ma 1940 ngati malo a kampani yolima mitengo ya tung, n'kudzatchedwa mzinda mu 1985. Khofi wake ndi wabwino, nthochi n'zotchipa, ndipo anyamata a kabaza amakwera nanu chitunda osatsika panjinga. Mumsika mumamveka Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa mosakanikirana, koma kunyumba kwa amalume ndi kwa anzawo opuma usilikali n'Chichewa chokhachokha, poti ndi anthu ochokera m'maboma onse.

Loweruka masana tinapita ku Mzuzu Stadium kukaonera timu ya Moyale Barracks, imene ochemerera amaitcha mikango ya ku Kaning'ina. Pa hafu taimu amalume anaitana mnyamata wogulitsa mtedza, n'kugula timapepala tiwiri, kenako n'kumufunsa:

"Iwe mphwanga, ukamakuwa kuti Moyale, Moyale, ukudziwa kuti Moyale ndi kuti?"

"Si uko kwa asoja, bambo?" anatero mnyamatayo akuloza chakum'mawa.

Amalume anaseka, namuuza kuti chenji asunge. Ine ndi amene ndinalipira yankho lakelo, chifukwa hafu yachiwiri yonse sindinaone mpira, ndinkangomvera nkhani.

Moyale weniweni ali kutali, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, tawuni ya pachitunda m'dziko louma, yogawika pakati: mbali ina ya Kenya, ina ya Ethiopia. Mu 1940 Ethiopia inali m'manja mwa Mataliyana, Kenya m'manja mwa Angerezi. Italy italowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pa 10 Juni chaka chimenecho, malire aja anasanduka pomenyanirana, ndipo amene ankalondera linga la Angerezi pa Moyale anali gulu limodzi lokha la bataliyoni yoyamba ya King's African Rifles. Bataliyoni imeneyo inali ya ku Nyasaland. Anali ana a kuno.

Mataliyana anawaputa pa 1 Julayi, n'kubweranso pa 10 Julayi ndi chigulu komanso mizinga. Anyamata athu anali ochepa kwambiri, atazingidwa, madzi akuvuta, ndipo amene anatumidwa kudzawathandiza analephera kuwafikira. Anapirira m'maenje mwawo masiku angapo, kenako chapakati pa mweziwo anatuluka usiku mwakachetechete, n'kudutsa pakati pa adani osadziwika. Linga linagwa, ndipo Angerezi anadzalitenganso kumayambiriro kwa 1941.

Ndinawauza amalume kuti ndiye kuti kampu yawo inatchedwa dzina la malo amene tinathawako. Anandiyang'ana ngati ndaponda mbale yawo ya nsima.

"Wa mlongo wanga, kuthawa ndi pamene aliyense walowera kwake, mfuti atataya. Kutuluka pamzere usiku, wina kumbuyo kwa mnzake, popanda wotsokomola, adani ali uku ndi uku, imeneyo ndi ntchito. Ukayesere ndi ana a sukulu yako uone."

Sindinatsutse. Ana a m'kalasi mwanga sangatuluke mwakachetechete ngakhale kupita ku buleki.

Madzulo ake, titakhala pa mbaula, tinabwerera m'mbuyo. King's African Rifles, imene agogo athu ankangoti Keyala, inakhazikitsidwa pa 1 Januwale 1902 pophatikiza magulu a asilikali a m'maiko amene Angerezi ankalamulira chigawo chino cha Africa. Mabataliyoni awiri oyambirira, woyamba ndi wachiwiri, anali a ku Nyasaland. Mizu yake ili m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi kuno, anabweretsa asilikali achi Sikh kuchokera ku India n'kuwaphatikiza ndi Atonga a ku Nkhata Bay komanso Ayao. Amenewa ndi amene anagonjetsa Mlozi, wogulitsa akapolo, ku Karonga mu 1895. Koma ndi omwewonso amene anathira nkhondo Angoni a Inkosi Gomani mu 1896, mfumuyo n'kuphedwa. Ine ndimaona kuti tikamanyadira mbiri ya gululi tizinena zonse ziwiri, chifukwa mfuti yake inali imodzi ndipo wolamula anali mmodzi.

Posakhalitsa anayamba kuwatumiza kunja. Mu 1900 anakamenya nkhondo ya ku Ashanti, kumene lero ndi Ghana. Anakalimbananso ndi mtsogoleri wa Asomali, Mohammed Abdullah Hassan, ku Somaliland, ndipo kumeneko mu 1902 mkulu wawo wina, Alexander Cobbe, analandira mendulo ya Victoria Cross. Ndiye mwini dzina la Cobbe Barracks ya ku Zomba. Chinthu chimodzi chimene chinandisangalatsa n'chakuti pamene mabataliyoni a ku Kenya ndi Uganda ankalamulidwa m'Chiswahili, athu ankalamulidwa m'Chinyanja, moti mzungu wofuna kuwatsogolera ankayenera kuchiphunzira.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndiyo inafika pakhomo penipeni, ndipo inalowera kuno kumpoto. Dziko la Tanganyika linali la Ajeremani. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inawoloka nyanja kukawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pagombe, ndipo pa 9 Seputembala nkhondo inabuka pa Karonga, Ajeremani n'kubwezedwa. Anthu anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Olemba mbiri amawerengera kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu, pamene ena pafupifupi 200,000 anagwidwa utengatenga, m'dziko limene panthawiyo linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Apa amalume anakhala chete pang'ono, akusonkhezera makala. Agogo awo aamuna, amene ndi agogo a mayi anga, anali mmodzi wa atengatengawo. Analibe nambala, analibe mendulo, ndipo chimene anabwera nacho ndi chifuwa chimene sichinathe. Kunalibe misewu yoti galimoto n'kufika kumene kunali nkhondo, ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, choncho ufa, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pamitu ya anthu, mitunda yambirimbiri, kutsatira asilikali amene ankathamangitsa mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, mpaka mu Novembala 1918. Mfumu ikalephera kupereka amuna inkaona zakuda. Ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala osamvako n'kulira kwa mfuti komwe, ndipo otsalawo anabwerera kumudzi pamodzi ndi chimfine chija chinapulula anthu chaka chomwecho. John Chilembwe anaziona zikubwera. Nkhondo ya pa Karonga itangochitika analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a kuno akufera nkhondo imene sadzapindula nayo kanthu. Mu Januwale 1915 anaukira, ndipo ena mwa amene anatumidwa kukamuzimitsa anali a Keyala omwewo.

Chipilala cha ku Zomba chija, cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi, n'chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Amene anasenza nkhondoyo pamutu tinawaiwala msanga.

Lamulungu ndinatsikira ku Nkhata Bay, ulendo wosakwana makilomita 50 wokhotakhota, kutentha kukuwonjezeka pa kona iliyonse. Ndinapita kukadya batala, koma ndinachita mwayi kupeza gulu la malipenga likuyeserera pabwalo lina la sukulu. Amuna a misinkhu yosiyanasiyana, ena imvi zili mbuu, ataima m'mizere yowongoka. Pa tsiku la mpikisano amavala makabudula oyera ositidwa, malaya oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, koma tsikuli anali m'zovala wamba, kupatula mkulu wina amene anabwera ndi ndodo yake yopaka vanishi, ataipanira m'khwapa. Ng'oma yaikulu ikagunda, mwendo umakwera pamodzi, phewa n'kutembenuka pamodzi, zipanda zija zikulira ngati malipenga a bandi. Wina akaphonya sitepe, wa ndodo uja samayankhula, amangomuyang'ana. Guleyu anabadwa kuchokera ku perete wa asilikali amene anthu anaona ndi kuchita pa nkhondo ya chiwaya, monganso mganda ndi beni. Ndinaimirira pamenepo mpaka minibasi yomaliza inatsala pang'ono kundisiya.

Za nkhondo yachiwiri, kuchotsapo Moyale, amalume anangodutsamo mothamanga, inenso nditero. Bataliyoni yachiwiri inamenya pa Tug Argan ku British Somaliland mu Ogasiti 1940. Athu anali nawo pochotsa Mataliyana mu Ethiopia mu 1941, analowa Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, akulimbana ndi Ajapani m'matope ndi malungo mpaka kukafika pamtsinje wa Chindwin. M'zaka za m'ma 1950 anatumizidwanso ku Malaya. Pa 6 Julayi 1964 bataliyoni yoyamba inasanduka bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles, yachiwiri n'kupita ku Zambia. Graciano Matewere, amene anayambira mu Keyala, anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali a dziko lino mu 1972. Kampu za Kamuzu ku Lilongwe ndi Moyale ku Mzuzu zinabwera dziko litadziimira kale palokha.

Nkhondo zonse ndatchulazi zinali za eni ake. Ashanti, Somaliland, Burma, Malaya: palibe ndi imodzi yomwe imene munthu wa ku Dedza kapena wa ku Chintheche anali ndi chifukwa chake chake chomenyera. Chimene chinandichititsa kulemba zonsezi n'chakuti tsiku limene asilikaliwa ananyamula mfuti pa nkhani ya ife eni, moto wake unayakira mu Mzuzu momwemu.

Achinyamata a lero sadziwa kuti payoniya anali ndani. A Malawi Young Pioneers anayamba ngati gulu lophunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja, koma anadzakhala ndi mfuti zawo, makampu awo ndi akazitape awo, osayankha kwa polisi kapena kwa asilikali koma ku chipani. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha matipate, koma mfuti za apayoniya zinali zikadali m'manja mwawo, ndipo aliyense ankadzifunsa kuti chisankho chidzatheka bwanji zinthu zili choncho. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, mkangano umene unayambira kumowa mu Mzuzu unathera pakuti apayoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri a ku Moyale. Pa 3 Disembala asilikali anatuluka m'makampu n'kuyamba Operation Bwezani. Analanda zida m'malo a apayoniya m'dziko lonse, kuphatikizapo likulu lawo ku Lilongwe, ndipo apayoniya pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique.

Nthawi imeneyo Kamuzu anali akuchira opaleshoni ya m'mutu imene anakachitidwa ku Johannesburg mu Okutobala, dziko likuyendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu yotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. Mpando unali ngati wopanda mwini, mfuti zonse zili kwa asilikali. M'maiko ambiri a mu Africa muno nkhani ikafika pamenepo wailesi imayamba kuimba nyimbo za bandi, kenako pamabwera mawu a mkulu wina wa yunifolomu. Kuno atamaliza ntchito anabwerera ku kampu, ndipo pa 17 Meyi 1994 anthu anakavota. Pa zonse zimene gululi lachita chiyambire 1902, ine ndimaika ichi pamwamba.

Ndinawafunsa amalume kuti iwo anali kuti sabata imeneyo. Anati anali pantchito. Ndinafunsanso, akazi awo n'kundiuza kuti, "Alekeni amalume anuwo, tiyi akuzizira." Ndinawaleka.

Chimene anafuna kukamba okha ndi cha Chancy Chitete, msilikali wamba wa ku Moyale yemwe anali m'gulu losungitsa mtendere la United Nations ku DR Congo. Mu Novembala 2018, pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni, asilikali a Malawi 6 anaphedwa, iye ali m'gulumo. Anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala pamtetete, zipolopolo zikugwa, n'kupita kukamukokera pobisika. Akumumanga mabala anawomberedwa iyeyo. Mtanzaniayo anapulumuka. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi yapamwamba zedi pa za kulimba mtima mwa osungitsa mtendere. Amalume anandionetsa pepala la nyuzi lachikasu limene anadula n'kulisunga m'Baibulo, m'mphepete mwake mutayamba kunyenyeka.

Amene mungafune kutsatira mbiri imeneyi mukafika ku Mzuzu, dziwani kuti Moyale Barracks ndi malo a ntchito, simungangolowa ngati mukupita ku paki, ndipo musayerekeze kutulutsa foni kuti mujambule pageti. Nthawi yabwino ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene mwambo wokumbukira amene anafera pankhondo umachitika kuno monganso ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo opuma usilikali amabwera atavala mamendulo awo, ali okonzeka kucheza ndi aliyense wowapatsa moni mwaulemu. Mukakhala ndi tsiku lina lapadera, kwerani minibasi ya ku Karonga, mtunda wopitirira makilomita 200 kudzera pa Chiweta. Manda a amene anafa pa 9 Seputembala 1914 alipobe, a mbali ya Angerezi ndi a Ajeremani. Nyamukani m'mamawa, chifukwa dzuwa la ku Karonga likafika paliwombo simungayende.