Kuchapa madiredi n'kosavuta, ntchito ili pa kuumitsa

Anthu ambiri akadali ndi maganizo akuti madiredi sachapidwa, ati ukawanyowetsa amamasuka. Si zoona. Tsitsi lochapidwa bwino ndi limene limagwirana msanga, pomwe lamafuta limangoterera. Chimene chimawononga madiredi ndi zinthu zotsalira mkati ndiponso chinyezi. Diredi lili ngati chingwe cha khonje: cholowa mkati mwake chimavuta kutuluka, kaya ndi sopo, phula kapena madzi.

Madiredi okhwima, amene atha chaka kapena kuposerapo, muziwachapa kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. M'mwezi wa Okutobala, thukuta ndi fumbi zikachuluka, kamodzi pa sabata ndi bwino. Ongoyamba kumene dikirani masabata awiri kapena atatu, ndipo pochapa valani kaneti kapena sokosi yopyapyala ya amayi kumutu kuti asamasuke.

Shampu musankhe yoonekera ngati madzi, osati yoyera ngati mkaka. Yoyerayo kawirikawiri imakhala ndi zofewetsa tsitsi, ndipo zimenezo ndi zimene zimakanirira mkati. Musathire shampu pamadiredi penipeni. Tengani botolo, muikemo gawo limodzi la shampu ndi magawo atatu a madzi ofunda, mukhutchumule. Nyowetsani mutu wonse kaye mpaka madiredi alemere, kenako thirani m'mipata ya mizu n'kumatikita khungu ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Thovu lotsika lokha ndi lokwanira kuyeretsa madirediwo. Inu muzingowafinya ngati siponji. Chitani kawiri.

Kutsukuluza kutenge nthawi yaitali kuposa kuchapa. Finyani diredi lalikulu la kunkhongo mutaliika pansi pa madzi. Mukaona timadzi totuwa tikutuluka, simunamalize.

Sopo wamtanda wochapira zovala musamuyerekeze n'komwe, makamaka ngati mumatunga pamjigo. Madzi a m'mijigo yambiri, monga ya ku Chikwawa ndi Nsanje, ali ndi mchere, ndipo akakumana ndi sopo wotere amapanga zoyerayera zonga zimene zimatsala m'mbali mwa beseni. Zimenezo zikalowa m'diredi zimakhazikika. Ngati madzi anu ndi otere, tsukuluzani komaliza ndi madzi a mvula, kapena madzi okwana lita imodzi mutathiramo masupuni aakulu atatu a viniga.

Tsopano nkhani yaikulu. Diredi limauma kunja msanga, mkati muli chinyontho. Mukalimanga kapena kugona nalo choncho, mkatimo mumamera chuku, ndipo ndiye fungo lija la thaulo lonyowa limene anthu amanamizira madiredi onse. Chuku chikalowa chimavuta kwambiri kuchichotsa, nthawi zina mpaka kudula. Choncho chapani m'mawa, osati madzulo. Mukatha, finyani madiredi pang'onopang'ono, anayi kapena asanu nthawi imodzi, kuchokera kumizu kutsikira kunsonga, koma osapotokola ngati mukufinya bulangete chifukwa mizu imakokeka. Kulungani mutu ndi chitenje chakale kapena tisheti kwa mphindi 20, musinthe china chouma ngati chanyowa kwambiri. Thaulo laubweya limasiya timaulusi, ndipo la mtundu woyera ndiye loipiratu.

Kenako amasuleni, mukhale pamalo popita mphepo, muziwagwedeza. Madiredi aatali ndi onenepa amatha tsiku lathunthu asanaume, ena kupitirira. Mu Juni ndi Julayi, makamaka ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje kukachita chiperoni, musadalire mphepo yokha. Sankhani tsiku ladzuwa, kapena gwiritsani ntchito dilaya youmitsira tsitsi pa moto wapakati, mutatsimikiza kuti magetsi alipo musananyowetse mutu. Kuti mudziwe ngati auma, tsinani diredi lonenepa la pakati pa mutu n'kuligwira kanthawi. Likamveka lozizira pazala, mkati mukadali madzi. Duku ndi chipewa zidikire.

Mafuta ndi a khungu, osati a madiredi, ndipo madontho ochepa akwana. A kokonati ndi opepukirapo. A nsatsi ndi olemera, asakanizeni ndi ena. Vaseline ndi phula ayi. Izi sizisungunuka m'madzi, zimakola fumbi, ndipo mukadzadula diredi mudzazipeza pakati zitauma gwa. Madiredi akamaoneka ouma, chimene akufuna ndi madzi: awazeni pang'ono m'mawa, okwana kuti pofika masana akhale atauma.

Kawiri kapena katatu pa chaka mutha kuwaviika. Thirani masupuni aakulu atatu a soda wophikira, yemwe uja wa therere, m'beseni la malita asanu a madzi ofunda. Gonani chagada, madiredi akhale m'madzimo mphindi 15, mukuwafinya. Madzi adzada, musadabwe. Tsukuluzani bwino, kenako mutsirize ndi madzi a viniga aja. Ena amasakaniza soda ndi viniga m'beseni limodzi, koma ziwirizi zimaphana mphamvu, thovulo limangosangalatsa maso. Soda amaumitsa tsitsi, n'chifukwa chake si wa mwezi ndi mwezi.

Mukatha kuchapa, mizu ikadali yofewa, lekanitsani madiredi amene ayamba kugwirana. Kupota mizu kudikire masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kupota pafupipafupi ndi kumanga mothina kumaonetsa ukhondo lero, koma ndi kumene kumadya tsitsi la m'mphepete mwa chipumi, ndipo likatha kwa nthawi yaitali silimeranso. Mutu ukamapweteka pochokera kusaluni, kapena mukaona timatuza m'mizu, akokedwa mopitirira. Pogona valani kansalu koterera ka satini.

Chiyambire 2023, pamene Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a madiredi asamaletsedwe m'sukulu za boma, makolo ali ndi ufulu wowasungira ana tsitsi lawo. Mitu ya ana muziyang'ana sabata iliyonse, mukupatula madiredi kumbuyo kwa makutu ndi kunkhongo kumene nsabwe zimakonda. Mukaona malo ozungulira amene tsitsi lathothoka ndipo khungu likufundula, zikhoza kukhala zipere. Zipere za m'mutu sizitha ndi mafuta opaka okha, zimafuna mankhwala akumwa, choncho pitani naye mwanayo kuchipatala, ndipo chipewa ndi thaulo lake asabwerekane ndi anzake.