Hafukoloni ya agogo imene ndinaikwecha ndi phulusa

M'kachitini kamene agogo anga aamuna ankasungamo ziphaso za msonkho munali hafukoloni, ndalama yakale yasiliva, ya ku Southern Rhodesia ya chaka cha 1932, yokhala ndi nkhope ya Mfumu George V, ndipo pamene kachitiniko kanafika m'manja mwanga, ndalamayo inali itada bii m'mbali mwa zilembo. Ndinachita zimene mwana aliyense woleredwa pakhomo pokwecha mapoto mpaka kuwala akanachita. Ndinatapa phulusa ndi kansalu konyowa, n'kuitikita mpaka inayera mbee, ndipo ndinagona mokhutira kuti ndalemekeza agogo. Patapita zaka, nditayamba kutolera ndalama zachitsulo zakale mwakhama, ndinaionetsa kwa mkulu wina wogulitsa ndalama zoterezi. Iye anangoipendeketsa pansi pa nyali kamodzi, n'kutchula liwu limodzi lachingerezi lakuti cleaned, kutanthauza yotsukidwa, kenaka anandibwezera mwaulemu.

Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse chimene phulusa lija linachotsa. Posula ndalama, kachitsulo kobulungira kamapanikizidwa pakati pa zidindo ziwiri ndi mphamvu yaikulu, moti chitsulocho chimayenderera kuchokera pakati kupita m'mphepete, n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizereti ndi timene timamwaza kuwala, ndipo ukapendeketsa ndalama yosakhudzidwa pansi pa nyali, kuwalako kumazungulira ngati masipoko a njinga yothamanga. Otolera ndalama amati kuwala kumeneku ndi lustre. Si ukhondo ayi, ndi khungu lenileni la ndalamayo monga inatulukira mu chidindo, ndipo likachoka silibwerera. Hafukoloni yanga, imene siliva wake ndi magawo 925 pa 1,000 alionse, imanyezimira ndithu, koma kunyezimira kwake n'kwa supuni, kofanana paliponse, kopanda moyo.

Muyeso wa ubwino wa ndalama zakale umene misika yambiri padziko lapansi imatsatira masiku ano unachokera ku America. Mu 1949, William Sheldon anakonza manambala oyambira pa 1 kulekeza pa 70 pofuna kuyeza masenti aakulu amkuwa oyambirira a dzikolo, ndipo maganizo ake anali akuti senti ya pa 70 iyenera kugulidwa ndi mtengo wochuluka maulendo 70 kuposa ya pa 1. Masamu a mitengowo anatha ntchito kalekale, koma manambalawo anatsala, ndipo m'zaka za m'ma 1970 bungwe la American Numismatic Association linawatenga kuti agwire ntchito pa ndalama zonse. Kuyambira pa 60 mpaka 70 ndi ndalama zimene sizinayendepo m'manja mwa anthu, pa 50 mpaka 58 ndi zokhudzidwa pang'ono chabe pamalo otukuka a chithunzi, ndipo manambala amatsika motero malinga ndi kuperepeseka. Makampani awiri akuluakulu oyeza, PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC imene inatsatira mu 1987, amatsekera ndalama yoyezedwa m'kabokosi kapulasitiki komata, kokhala ndi kapepala kolembapo nambalayo.

Vuto n'lakuti muyeso wa Sheldon umayeza kuperepeseka kobwera ndi kuyenda kwa ndalama, ulibe malo oikapo kuwonongeka kochitidwa dala ndi dzanja la munthu. Kwa zaka zambiri makampani awiriwa ankangobweza ndalama yotsukidwa m'kathumba kapulasitiki wamba popanda kuiyeza, ndipo otolera ankatcha kathumbako body bag, kutanthauza thumba lonyamuliramo mtembo. Zinasintha pamene PCGS inayamba kutsekera ndalama zoterezi mu 2008 ndi chizindikiro chakuti Genuine, kutanthauza yeniyeni, ndipo NGC inayambitsa njira yake ya Details mu 2009. Lero kapepala kangalembedwe kuti AU Details, Cleaned, kusonyeza kuti ndalamayo ndi yeniyeni, zojambula zake n'zakuthwa ngati za pakati pa 50 ndi 58, koma nambala yakanidwa. PCGS imawonjezerapo manambala ofotokoza chifukwa: 92 ndi kutsuka, 91 ndi mtundu wokayikitsa, 95 ndi kukandika. Popanda nambala, ndalamayo siipezeka m'mindandanda ya mitengo imene ogula amadalira, ndipo mtengo wake umagwa kwambiri.

Kuzindikira ndalama yotsukidwa kumafuna nyali imodzi yowala, chipinda chamdima pang'ono ndi kagalasi kokuza zinthu kasanu kapena kakhumi. Chizindikiro choyamba ndi timikwingwirima topyapyala ngati tsitsi, toyenda mbali imodzi, timene timaonekera pokhapokha ndalama ikapendekeka mwa njira inayake, n'kusowanso ukaisuntha pang'ono. Apa ndi pamene ongoyamba kumene amalakwitsa, chifukwa nakonso kufakitale ankapukuta zidindo, ndipo kupukutako kumasiya mizere pa ndalama yatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti mizere ya chidindo imatukuka pamwamba pa chitsulo ndipo kawirikawiri imalekeza pamene chilembo chayambira, pomwe mikwingwirima ya nsalu imalowa m'chitsulo ndipo imakwera pa zilembo ndi pankhope mosasankha. Chizindikiro china ndi litsiro lotsalira m'makona a zilembo pamene malo otambasuka ayera mopitirira, monga zilili pa hafukoloni yanga. Mkuwa ndiye subisa kanthu, pakuti ukatsukidwa umasanduka wofiirira motuwa, mtundu umene ndalama yazaka zana singakhale nawo mwachibadwa. Palinso chinyengo chotchedwa whizzing, chogwiritsa ntchito burashi ya waya yozungulira ndi makina pofuna kunamizira kuwala koyambirira, ndipo chimadziwika ndi chitsulo chounjikana m'mphepete mwa zilembo.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi malire a mlanduwu. Siliva amada chifukwa cha sulufule wa mumpweya, ndipo ogulitsa ambiri amaviika ndalama kwa masekondi ochepa m'mankhwala a asidi osakaniza ndi thiourea, amene amasungunula kudako popanda kutikita. Ndalama yoviikidwa kamodzi mosamala, kuwala kwake kukatsala, imalandira nambala bwinobwino, popeza oyeza amati msika umailola. Ikaviikidwa kangapo, timizere tija timadyeka, ndalamayo imatuwa, ndipo imalembedwa kuti ndi yotsukidwa. Palibe chipangizo chimene chimaloza pamene kuviika kololedwa kwathera, ndi diso la woyeza basi, n'chifukwa chake otolera ena amaswa kabokosi n'kutumizanso ndalama yomweyo poyembekeza chigamulo china. Nawonso acetone, amene amachotsa mafuta ndi utoto wobiriwira wochokera ku timatumba tapulasitiki ta PVC, sawerengedwa ngati kutsuka chifukwa sakhudza chitsulo. Kunena zoona, funso limene oyeza amayankha si lakuti kodi ndalamayi inasambitsidwapo, koma lakuti kodi khungu lake linapulumuka.

Ine ndimavomereza kuti ndalama yotikitidwa isapatsidwe nambala, chifukwa wogula ali ku Johannesburg kapena ku London, amene akuona chithunzi chokha pa intaneti, ayenera kutetezedwa. Koma liwu lakuti Cleaned ndi dengu lalikulu kwambiri. M'menemo muli ndalama imene inapukutidwa pang'ono ndi wotolera wina zaka zana zapitazo, pa nthawi imene kupukuta kunkaonedwa ngati kusamalira, ndipo inadanso mokongola m'kabati. M'menemo mulinso ya phulusa ngati yanga. Pa ndalama zosowadi kusiyanaku n'kofunika kwambiri. Dola yasiliva ya ku America yotchedwa Morgan ya 1893 yosulidwa ku San Francisco inatuluka 100,000 zokha, senti ya Lincoln ya 1909 ya ku San Francisco yokhala ndi zilembo VDB za dzina la amene anaijambula inatuluka 484,000, ndipo zonse ziwiri zili ndi zabodza zambiri pamsika. Kwa munthu wa thumba lochepa, kabokosi kolembedwa Details kamamutsimikizira chinthu chachikulu, chakuti ndalamayo ndi yeniyeni, ndipo chotsala n'kuiyang'ana yekha pansi pa nyali kuti aone ngati bala lake angakhale nalo.

Hafukoloni ya agogo sindinaitumize kukayezedwa, chifukwa ndikudziwa kale zimene zingalembedwe pa kapepalako. Ndinaiika m'kaenvelopu ka pepala wamba, ndipo sulufule wa m'pepalalo wayamba kuibwezera kamtundu kagolide m'mphepete, ngakhale kuti ndikaipendeketsa, mikwingwirima ya kansalu kanga imaonekabe itadutsa pa tsaya la mfumu.