Nyerere za pa mpesa wa agogo ku Bembeke

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikuloweza mayina a Chilatini a tizilombo timene timadya tinzake m'minda ya mpesa, ndipo mayeso apakati pa teremu ndinakhoza ndithu, koma ndinganame nditanena kuti ndinkamvetsa zimene ndinkalembazo. Nzeru zanditsekukira sabata yatha kwathu ku Bembeke, nditanjuta pansi pa mipesa inayi imene agogo anayanzika pa waya kuseri kwa khitchini, ndipo mpaka lero mtima wanga ndi wopepuka ngati wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Za moyo wa kodikodi wa mpesa (Planococcus ficus), kachilombo koyera kamene kamayamwa madzi a mtengo, anzanga a m'kalasi mukuzidziwa kale. Funso limene linkandisowetsa tulo linali lina. Timavu ta mtundu wa Anagyrus timaikira dzira m'thupi la kodikodi, kamphutsi n'kumudya m'kati mpaka iye kuuma gwaa ngati njere. Nanga n'chifukwa chiyani mlimi wa mpesa wa ku Western Cape, ku South Africa, nthawi zina amagula timavuti, kutimwaza m'munda monse, koma kodikodi n'kumachulukabe?

Ndinasenda khungwa lofundukafunduka la mpesa umodzi ndi chikhadabo, ndipo pansi pake panali timagulu toyera ngati thonje. Mzere wa nyerere unkachokera m'nthaka n'kulunjika pomwepo. Nyerere imodzi inagwedeza kodikodi ndi tinyanga take, iye n'kutulutsa kadontho ka madzi otsekemera, iyo n'kumwa. Nditalowetsapo kaudzu, nyerere zinayi zinakathamangira kukamwa kuli yasa, zina n'kukwera mpaka pa chala changa. Pamenepo ndinazindikira kuti nyererezo ndi abusa, kodikodi ndi ng'ombe zawo za mkaka, ndipo khungwa lija ndi khola. Kavu kamafuna kanthawi kuti katere, kafufuze ndi kubaya, koma mbusa sakapatsa mpata umenewo. Mlimi amene wagula timavu osayamba wathana ndi nyerere waponya ndalama zake m'madzi.

Ndaona kuti chimene chinandisocheretsa ndi nkhani ya chinangwa. Tinaphunzira kuti kodikodi atasakaza chinangwa mu Africa muno, kuphatikizapo ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1980, Hans Herren ndi anzake a ku IITA, bungwe lofufuza za ulimi wa m'madera otentha, anabweretsa kavu ka Anagyrus lopezi kuchokera ku South America, n'kukamasula koyamba ku Nigeria mu 1981, ndipo kanafalikira mpaka kugonjetsa mliriwo. Nkhaniyo ndi yoona, koma inandisiya ndi maganizo akuti ukangomasula mdani wachilengedwe, ntchito yatha. M'munda wa mpesa mdaniyo amapeza alonda pakhomo. Komanso pa mpesa vuto silithera pa kuyamwa madzi a mtengo, chifukwa kodikodi amafalitsa vairasi yopinda masamba, imene pa mphesa zakuda imafiiritsa tsamba n'kusiya mitsempha yobiriwira, ndipo mtengo wogwidwa ulibe mankhwala, umangoyenera kuzulidwa.

Tsiku lomwelo ndinakulunga tsinde lililonse ndi kansalu, pamwamba pake pulasitiki, n'kupakapo girisi mozungulira kuti nyerere zisakwere, posamala kuti asakhudze khungwa. Ndinapakanso mitengo yogwira waya, ndinazula chisoso chimene chinkafika m'masamba, ndipo ndinadula nthambi ya pichesi imene inali mlatho wa nyerere. Agogo ankangondiyang'ana ali pa mpando wawo, kenaka anati, "Mwana iwe, nyerere siidya mphesa, ukuilondalonda chifukwa chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Agogo, zimenezi zikuweta mbava." Anaseka mpaka kutsokomola.

Kwa ine njira yotchinga nyerereyi iposa zonse zimene taphunzira chaka chino. Siifuna sipuleya, siipha njuchi, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa botolo limodzi la mankhwala amene alimi a tomato a ku Lizulu amapopera kawirikawiri. Mankhwala opha chilichonse amaphanso abwenzi, monga kachikumbu ka Cryptolaemus montrouzieri, kamene Albert Koebele anakatenga ku Australia kupita nako ku California mu 1891. Mphutsi yake imavala ubweya woyera wofanana kwambiri ndi wa kodikodi, moti munthu wosadziwa amaitswanya poganiza kuti wapha mdani. Ndikadakhala wolemba silabasi, phunziro loyamba likadakhala la nyerere, zina zonse pambuyo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti m'manotsi a aphunzitsi athu nyerere zinatenga mzere umodzi wokha, pamene mayina a timavu anadzaza masamba atatu. Nditafunsa funso langa lija m'kalasi, anandiuza kuti limenelo silibwera pa mayeso. Ulendo wakumunda unalephereka kawiri, akuti galimoto inalibe mafuta, ndipo mutu wa Trichoderma, nkhungu imene amapaka pa mabala a mpesa akatha kudulira kuti matenda a tsinde asalowe, tinauthamanga m'mphindi makumi awiri. Kwatsala masabata atatu kuti tilembe mayeso omaliza, ndipo ndibwereranso ku kuloweza komwe kuja.

Ndisananyamuke Lamlungu ndinaunika pansi pa khungwa ndi tochi ya foni, ndipo ndinapeza tizikamba tiwiri tofiirira, touma, kamodzi kali ndi kabowo kumapeto. Mtima ukuti kavu kanatulukira pamenepo, kutanthauza kuti abwenzi alipo kale kuseri kwa khitchini ya agogo, koma diso langa n'losazolowera, mwina ndi kodikodi wongofa yekha. Fumbi layamba kale kukwirira girisi uja, mvula ili pafupi, ndipo agogo sanalonjeze kuti adzapakanso.