Kusaka mlandu wa nkhosa ku England, tsiku lonse linapita pachabe

Abale, ngati kusukulu akupatsani ntchito yofufuza milandu ya ku England ya m'ma 1600, funsani kaye kuti mlanduwo unazengedwa kukhothi liti musanagule tikiti ya sitima. Ine pofuna mlandu wa munthu wina wakuba nkhosa ndinangodzuka m'mamawa kuthamangira kuofesi ina ya m'chigawo yosunga zikalata zakale, mayi wa pa desiki n'kundiuza kuti ID yokha siyikwana, akufunanso kalata yosonyeza komwe ndimakhala. Mwamwayi ya kubanki inali mufoni. Chikwama mulokala, bolopeni ayi, pensulo basi, ndiye kujambula ndi foni yangayanga akuti ndilipire kaye, zinandinyansa.

Mtolo wa zikalata womwe ndinaitanitsa unabwera patatha ola lathunthu, koma wa chaka china. Apa m'pamene panandipweteka. Chaka cha 1752 chisanafike, ku England chaka chinkayamba pa 25 Malichi, ndiye zimene iwo analemba kuti Januwale 1690 kwa ife ndi Januwale 1691. Palibe anandiuza. Kuitanitsa wina akuti nthawi yoitanitsa yatha, mubwere mawa bambo, mawa lake ndi ndalama ya sitima ya ndani?

Ndaiwala kunena, makhothi ake anali awiri. Ma quarter sessions ankakhala kanayi pachaka, oweruza ake ma Justice of the Peace, anthu achuma a m'deralo, ndipo mapepala ake ali m'maofesi a m'zigawo. Milandu yonyongetsa yambiri inkapita ku assizes, komwe majaji ochokera ku London ankabwera kawiri pachaka, ndipo mapepala ambiri a kumeneko ali ku Kew, kuofesi yaikulu ya boma yosunga zikalata zakale ku London. Wanga wakuba nkhosa uja anali wa ku assizes, ndiye ngakhale mtolo wolondola ukanabwera sindikanamupeza. Funsani kaye khothi, ndabwerezanso.

Chikopa chomwe ankalembapo milanduyo ukamachitambasula chimafuna kudzipindanso chokha, amakupatsa tizolemera topsinjira m'mbali, zala zimada bii. Milandu inkalembedwa m'Chilatini mpaka 1733, mawu ake odulidwadulidwa, ndinakhala pa mzere umodzi mpaka khosi kuuma.

Musavutikenso kusaka apolisi ngati ine, kunalibe. Kunali konstebo wa parishi, munthu wamba wosankhidwa kwa chaka chimodzi wopanda malipiro, mwina wosula zitsulo, akukagwira neba wake yemwe. Wobedwa ankayendetsa yekha mlandu ndi ndalama zake. Chomwe chinandiseketsa nditafika ku Kew ndi mitengo ya katundu, kuba chinthu choposa 12 pence kunkanyongetsa, ndiye a jury, anthu wamba ogamula mlandu, akamva chisoni ankangoti katunduyo ndi wa 10 pence, munthu n'kukwapulidwa basi.

Pobwerera m'sitima mnzanga ananditumizira uthenga kuti milandu ya ku Old Bailey, khothi la ku London, kuyambira 1674 ili pa intaneti yaulere, m'Chingerezi. Ndinazimitsa foni.