Pakhonde la laibulale usiku

Dzuwa likangolowa kuno ku Mangochi, khonde la laibulale ya pa sukulu yathu ya ukachenjede limadzaza ngati pa depoti ya basi. Laibulaleyo imakhala atatseka kale, koma kabokosi koyera ka Wi-Fi kamene anakakhomera pamwamba pa chitseko kamagwirabe ntchito, choncho aliyense amabwera ndi laputopu kapena foni yake n'kutsamira khoma. Ine ndimatenga chitenje choti ndifunde miyendo chifukwa cha udzudzu, ngakhale kuti mwezi wa Okutobala kumatentha kwambiri moti simenti imakhala ikadali yofunda mpaka 9 koloko usiku.

Chaka changa choyamba ndinkaganiza kuti timizere ta Wi-Fi tikadzaza pa foni ndiye kuti intaneti ilipo. Mkulu wina amene amasamalira makompyuta pasukulupa ndiye anandichotsa umbuli, tsiku lina nditapita kukadandaula kuti buku limene ndinkafuna likukana kutsitsika. Anandiuza kuti timizere timeneto timangosonyeza kuti foni ikumvana ndi kabokosi kaja, basi. Kuseri kwa kabokosiko kuli nthambo, ndipo nthamboyo imalumikizana ndi zina zimene zimadutsa m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique mpaka kukafika ku nthambo zikuluzikulu za pansi pa nyanja ya mchere, poti dziko lathu lino lilibe gombe la nyanja yoteroyo. Mawu akewo ndinawakumbukira mu Meyi 2024, pamene nthambo za SEACOM ndi EASSy zinaduka pansi pa nyanja ndipo intaneti inayamba kukwawa m'mayiko angapo a chigawo chino, kuphatikizapo Malawi. Timizere tinali todzaza, koma tsamba silinkatseguka.

Anandifotokozeranso chifukwa chake timaunjikana pakhonde. Wi-Fi imayenda pa mafunde a 2.4 GHz kapena 5 GHz. Oyambawo amafika pataliko ndipo amayesetsa kubowola khoma, koma amadzaza msanga anthu akachuluka, pamene achiwiriwo ndi othamanga koma amafooka akangokumana ndi khoma la njerwa. Malo athu ogona ali kutali ndithu, kuseri kwa makalasi, kotero kuti ukakhala pabedi dzina la netiweki limangooneka n'kusowanso. Komanso kabokosi kamodzi tonse timagawana ngati mbale imodzi ya nsima, ndipo wina akayamba kuonera mpira pa YouTube, amene tikusaka zolemba za maphunziro timangoona kagudumu kakuzungulira pa sikirini.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi amatumiziridwa ndalama ndi achimwene ake a ku Johannesburg, ndipo amagula bandulo ya mwezi wonse n'kumalemba ntchito zake ali gone. Ine ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya usipa ndi sopo, ndiye pakhonde sindingapaleke. Atsikana anzanga ambiri safuna kubwerera okha ku malo ogona pakati pa usiku, choncho amachoka msanga, nthawi yomwe anthu ayamba kuchepa ndipo intaneti yayamba kuthamanga. Aphunzitsi akamati ntchito itumizidwe pa imelo isanakwane 12 koloko usiku amaika tonse pa muyezo umodzi, chikhalirecho ena tikulembera pa simenti.

Ndikudziwa kuti zinthu sizili monga kale. Bungwe la MAREN limalumikiza sukulu za ukachenjede za m'dziko muno ku intaneti, ndipo kudzera mu dongosolo la Wi-Fi ya m'masukulu lotchedwa eduroam, wophunzira wa sukulu yolowa nawo m'dongosololi amatha kugwiritsa ntchito dzina ndi nambala yake yachinsinsi yomweyo akapita pa sukulu ina. Zimenezi ndi zabwino, koma pempho langa ndi laling'ono kuposa pamenepo: timabokosi tiwiri kapena titatu m'makonde a malo ogona, ndi batire kapena sola yoti tizigwirabe ntchito magetsi akazima.

Sabata yatha magetsi anazimadi nditatsala pang'ono kutumiza ntchito yanga. Khonde lonse linabuula pamodzi mumdima, nkhope zathu zikuwala ndi masikirini okha. Ndinabwereka foni ya mnyamata wina amene sindimudziwa n'komwe dzina, anandiyatsira hotspot kuti andigawireko intaneti ya pa foni yakeyo, ndipo imelo inapita patatsala mphindi 4. M'mawa mwake ndinamusaka pa kantini n'kumugulira mandasi awiri.