Ulendo wa ku Lilongwe: tinakaona makrustalo osintha mtundu wa kuwala

Tinanyamuka pa boma la Dedza dzuwa lisanatuluke, tili aphunzitsi a sayansi 14 ochokera m'sukulu za sekondale zosiyanasiyana. Ulendo unali bwino mpaka pa mlatho wa Lilongwe, pamene mdipiti wa magalimoto unatidyera pafupifupi ola lathunthu. Amene anatiitana ndi mnzathu wakale amene pano akuphunzitsa fizikisi pa sukulu ina ya ukachenjede mumzindamu. Maphunziro ake anakachitira ku India, kumene kafukufuku wokulitsa makrustalo, timiyala tonga ta mchere kapena shuga, ndi wofala kwambiri.

Ine ndinkayembekezera makina akuluakulu. Tinapeza kachipinda kakang'ono, mabika (makapu agalasi a m'labu) okwana khumi ovindikiridwa ndi pulasitiki yobowoledwa ndi singano, ndi chikwangwani cholembedwa pamanja chakuti "Osagwedeza tebulo". Ena mwa ife nkhope zinagwa.

A Dokotala, mnzathu anatiitana uja, anatulutsa m'thumba ka laser kobiriwira, konga kamene timalozera pa bolodi. Anati kuwala kwakeko sikubadwa kobiriwira. M'kati mwa kachidako mumapangidwa kuwala kosaoneka ndi maso, kwa mananomita 1064 (nanomita ndi muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Kenaka kumadutsa m'kakrustalo kotchedwa KTP, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kutuluka kuli kwa mananomita 532, theka lenileni, kumene ndi kobiriwira kuja. Tizigawo tiwiri ta kuwala timaphatikizana n'kukhala kamodzi kamphamvu zowirikiza. Oyamba kuona zimenezi anali Peter Franken ndi anzake ku Michigan mu 1961, patangotha chaka chimodzi Theodore Maiman atayatsa laser yoyamba. Kadontho kamene kanali umboni wawo kanali kozilala moti osindikiza anakafufuta pa chithunzi, poyesa kuti ndi fumbi.

Mkulu wathu wina, amene watsala pang'ono kupuma pantchito, anafunsa kuti, "A Dokotala, ndiye kuti uta wa Leza mwauika m'thumba?" Tinaseka tonse, ndipo kuyambira pamenepo manyazi ofunsa anatha.

Funso limene ine ndinabwera nalo linali lakuti ma amino asidi, amene a Dokotala amagwiritsa ntchito pokulitsa makrustalo awo, akulowapo bwanji. Ana timawaphunzitsa kuti amenewa ndi njerwa zomangira mapuloteni a mu soya, nyemba ndi usipa, basi. Yankho lake linandikhutiritsa. Si krustalo aliyense amene angawirikize kuwala. Amafunika amene kasanjidwe ka m'kati mwake si kofanana mbali zonse ukachokera pakati. Ma amino asidi ambiri ali ngati nsapato, pali ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo a m'mapuloteni athu ndi a mbali imodzi, otchedwa L. Mutaunjika nsapato za kumanzere zokhazokha, ngakhale mutazisanja mwaluso bwanji, simungapeze ina yooneka ngati chithunzithunzi cha inzake. Choncho L-alanine kapena L-arginine akauma n'kukhala krustalo, khalidwe lofunikalo amakhala nalo kale. L-arginine phosphate anamutulukira akatswiri a ku China mu 1983. Glycine yekha ndiye alibe kumanja kapena kumanzere. Mukamusungunula m'madzi okha amabala krustalo wosathandiza pa ntchitoyi, koma mukathiramo mchere wa pa ndiwo weniweniwu amatha kubala mtundu wina, wotchedwa gamma, umene umawirikiza kuwala.

Apa ndi pamene panalowera nkhani yothira tizinthu tachilendo mwadala. Amatenga kachigawo kochepa zedi, mwina kamodzi pa 100 alionse, ka chitsulo china kapena amino asidi wina, n'kuthira m'madzi amene krustalo akukuliramo. Cholinga n'chakuti alimbe, adutsitse kuwala bwino, kapena apirire mphamvu ya laser osapsa. Nthawi zina amino asidi ndiye amakhala mlendo, n'kuthiridwa mu krustalo wina wotchedwa KDP. Mnzathu wophunzitsa zaulimi atamva dzina lonse la KDP, potassium dihydrogen phosphate, anadzidzimuka: "Si feteleza uja wa 0-52-34 ameneyu?" Ndi yemweyo, kusiyana kwake ndi kuyera basi. Ku National Ignition Facility, malo ochitira kafukufuku ku California, makrustalo aakulu a mtundu umenewu amasintha kuwala kwa ma laser 192.

Chimene ndinawakondera a Dokotala n'chakuti sanatinamize kuti kuthirako kumakonza zinthu nthawi zonse. Anatsegula kabati n'kutionetsa olephera: wina wa mbuu ngati madzi a mpunga, wina wong'aluka pakati. Anati ukapyoza muyezo, mlendo amasokoneza m'nyumba. Olepherawo anali ochuluka kuposa abwino, ndipo kwa ine kabati imeneyo inaphunzitsa zambiri kuposa tebulo lija.

Kakulitsidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Mumasungunula ufawo m'madzi otchezedwa mpaka atakana kulandira wina, mumatakasa maola angapo, mumasefa ndi pepala losefera, n'kuvindikira. Madzi akamauma pang'onopang'ono pansi pamabadwa timbewu. Mumasankha kowala bwino, kumangirira ku ulusi wa nayiloni, n'kukalendewetsa m'madzi atsopano. Kenaka n'kudikira milungu. Adani ndi fumbi, kugwedezeka, kusinthasintha kwa kutentha, ndi nkhungu, pakuti amino asidi ndi chakudya. Magetsi akazima usiku, beseni losunga kutentha limazizira, m'mawa n'kupeza timiyala tambirimbiri ngati shuga m'malo mwa krustalo mmodzi.

Ali m'kati mofotokoza, mnzathu wina anatsamira tebulo loletsedwa lija. Madzi m'mabika anavina. A Dokotala anangotseka maso n'kunena kuti, "Achimwene, pepani, sunthani pang'ono." Munthuyo sanayankhulenso mpaka pa nsima ya masana.

Kuyeza ndiye kumene kumafuna ndalama. Njira yofala ndi ya Kurtz ndi Perry, ya mu 1968: krustalo amamupera kukhala ufa, kumuwombera ndi laser ya 1064, n'kuyerekeza kuwala kobiriwira kotulukako ndi kwa KDP. Madamu wina anagwira pakamwa: "Mwezi wonse mukulera, kenaka n'kusinja?" Laser yotero m'kachipindamo mulibe, moti ufa wawo amautumiza kunja. Anatichenjezanso za tima laser totchipa ta pamsika, kuti tina tilibe sefa yotchinga kuwala kosaoneka kuja, choncho tisamalole ana kulozana m'maso.

Pobwerera tinagwirizana kuti sukulu iliyonse iyese ndi copper sulphate, amene ambiri tili naye m'labu, ndipo tidzaonetsane teremu ikamatha. Wanga ali m'chipinda chosungiramo zipangizo, lero ndi tsiku la 9, wafika ngati njere ya chimanga. Dzulo a hedi anatuma anyamata awiri kuti akatulutse kabati imene ndaikapo bikayo, mwayi ndinawapeza ali pakhomo.