Galasi ndi magolovesi pakati pa munthu ndi mankhwala a jakisoni

Mankhwala a jakisoni sadutsa m'mimba, momwe asidi amapha tizilombo tambiri, choncho kachilombo kotsalira m'kabotolo kamakalowa m'thupi la wodwala popanda chokatchinga. Mankhwala ena, monga akatemera ambiri, amawonongeka akatenthedwa atatsekedwa kale m'botolo, ndipo n'chifukwa chake amadzazidwa pamalo amene tizilombo sitiyenera kufikapo n'komwe.

Nditayamba ntchito yodzaza mabotolo, ndinachedwa kuvomereza kuti gwero lalikulu la tizilombo m'chipinda chodzaziramo ndife anthu. Ngakhale munthu atavala zophimba thupi lonse, khungu lake limafundukabe, ndipo akasuntha mkono mofulumira amasokoneza kayendedwe ka mpweya. Mpweyawo umasefedwa ndi zosefera za HEPA, zimene zimagwira ngakhale tizidutswa tosaoneka ndi maso, n'kumatsika kuchokera pamwamba pa liwiro la mamita 0.36 mpaka 0.54 pa sekondi, kuti malo a Grade A, omwe ndi oyera koposa pa magulu anayi a ukhondo (A mpaka D) ndipo ndi pamene mabotolo amadzazidwira, asapitirire tizidutswa 3,520 ta kukula kwa maikulomita 0.5 kapena kuposerapo mu kiyubikimita imodzi.

Zotchinga zoika pakati pa munthu ndi mankhwala zilipo za mitundu iwiri, RABS ndi isolator. RABS imazinga makina ndi magalasi, koma zitseko zake zimatha kutsegulidwa pakafunika kutero, motero chipinda chonse chiyenera kukhala cha Grade B. Isolator imalekanitsiratu munthu ndi mankhwala, ndipo mkati mwake mumayeretsedwa ndi nthunzi ya hydrogen peroxide, imene mphamvu yake imayesedwa ndi njere zolimba za bakiteriya wotchedwa Geobacillus stearothermophilus. Malamulo a European Union okhudza kupanga mankhwala opanda tizilombo, otchedwa Annex 1, amene anakonzedwanso mu 2022 n'kuyamba kugwira ntchito pa 25 Ogasiti 2023, amalola kuti isolator yotsekeka ikhale m'chipinda cha Grade D.

Ine ndimakonda isolator, komabe chimene chimandidetsa nkhawa ndi magolovesi omangiriridwa pagalasi, amene timalowetsamo manja pogwira ntchito mkati, chifukwa ndiwo mbali yokhayo yofewa ya khoma lonselo. Amakalamba ndi nthunzi, amakhudzana ndi zitsulo zakuthwa, ndipo kabowo kake nthawi zambiri sikaoneka ndi maso. Annex 1 imafuna kuti ayesedwe poyamba ndi pomaliza pa gulu lililonse la mankhwala. Tsiku lina golovesi imodzi inalephera mayeso omaliza titadzaza kale mabotolo onse, ndipo gulu lonselo linaimitsidwa kufikira kafukufuku atatha. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana pakati pa zala za golovesi iliyonse ndisanalowetsemo dzanja.